Ndinapita Kukajambula Afulagombe

Ngabu,
Chikwawa.
19 Novembala, 2017.

Okondedwa Achemwali a Clotilda,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Joni. Kuno tilipo, kungoti dzuwa latikwana. Mvula inangowaza kamodzi sabata yatha, mawa lake fumbi n'kubwerera pamalo pake. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati masiku akale. Foni yanga ili pansi pa mtsinje wa Shire, ndipo ngakhale ikanakhalapo, nkhani ndili nayoyi si yokamba mothamanga mayunitsi akutha. Ndapatsira a Leonard, aneba athu aja, amene akukwera basi Lachinayi. Mukaona zilembo zikupendama musati mlongo wanu wayamba kachasu. Dzanja lamanja langotuluka dzana m'chikhakha, ndipo silinakumbukire bwino kagwiridwe ka cholembera. Musadzidzimuke, werengani kaye mpaka kumapeto.

Choyamba ndithokozenso chifukwa cha kamera ija munanditumizira chaka chatha. Munati ndizijambulira maukwati ndi ana a sukulu kuti situdiyo yanga idzuke, ndipo yadzukadi. Palibe Loweruka limene ndimakhala pakhomo. Koma pali china chimene ndakhala ndikukubisirani poopa kuti mundiseka. Lenzi yaitali ija, imene munati ndizikokera nayo akwati ali kuguwa ine ndili kumbuyo kwa tchalitchi, yagwira ntchito yambiri kumadzi kuposa kutchalitchi. Achemwali, mlongo wanu wakhala akujambula mbalame.

Zinayamba ndi matenda. Adokotala atandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, anandiuza kuti ndichepetse mchere ndipo ndizilimbitsa thupi. Mkazi wanga Flossy naye anamva kwa amayi anzake kuti madzi a chidede amathandiza, ndiye m'mawa uliwonse amandiwiritsira n'kundithirira m'botolo, ofiira piriwiri, opanda shuga, owawasa kuposa bwemba. Lolemba lina, poti kusitudiyo sikubwera anthu tsiku limeneli, ndinapalasa njinga mpaka kumtsinje, kamera ili m'chikwama. Ndikupuma pansi pa mtengo, ndinaona nkhwazi ikutsika pamadzi. Ndinangodina osaganiza. Nditayang'ana pagalasi lakumbuyo kwa kamera, ndinapeza nkhwazi ija mapiko ali tambalale, mlamba ukuphiriphitha m'zikhadabo, madontho a madzi ataima m'malere ngati mikanda. Ndinakhala pansi pamchenga. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndakhala pafupi ndi mtsinje umenewu, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinauona.

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse ndi langa. Ndaphunzira kukhala m'bango maola atatu osatsokomola, udzudzu ukundidya ine osauwomba. Ndadziwa kuti kakowa amakulola kuyandikira ukamayenda ngati sukumufuna, kuti nantchengwa amabwerera pachitsa chomwecho tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti atsekwe ali ndi mlonda wawo amene sadya anzake akamadya. Masiku ena ndimabwerera ndi zithunzi za nthambi zokhazokha, mbalame itauluka kale, koma mtima uli mbee. Ndipo magazi aja anatsikadi. Flossy amati ndi chidede, ine ndimati ndi mbalame.

Mu Seputembala msodzi wina anandiuza za gombe lalitali kumunsi, m'dera la a Mbenje, kumene afulagombe amabwera chaka ndi chaka kudzaswa. Mukuwakumbukira? Mbalame zofiira zija, za mutu wobiriwira, zimene zimakumba mauna m'khoma la mtsinje. Anati kumeneko zimakhala mazanamazana, khoma lonse mabowo okhaokha. Atatchula dzina la mudzi, ndinalizindikira. Ndi kwawo kwa a Evelesi.

Nkhaniyi inu mukuidziwa, koma ndiloleni ndiilembe, chifukwa sindinaitchulepo ndi pakamwa panga. Amayi atamwalira, inu muli ndi zaka khumi ndi chimodzi, ine zisanu ndi chimodzi, bambo anakwatira a Evelesi. Anatilera zaka zonsezo, iwo osaona mwana wawowawo. Bambo atatisiya mu 2009, ife ndi abale a bambo tinagwirizana kuti nyumba ndi ya ana a Sebastiano, mkazi wosabereka abwerere kwawo. Mawu munalankhula ndinu, koma amene ananyamula sutukesi yawo n'kukaika panja ndinali ine. Amene anakhoma loko pachitseko ndinalinso ine. Sanatukwane, sanalire pamaso pathu. Anangosenza katundu wawo n'kupita kokwerera minibasi. Kuyambira tsiku limenelo sindinawaonenso.

Ndiye afulagombe ndinkawafuna, koma m'mudzimo sindinkafuna kudutsamo. Munthu wanzeru akanafika masana, n'kupereka moni, n'kunena chimene wadzera. Ine ndinkakwera minibasi yoyamba, n'kuuza wakabaza kuti andisiye patali, kenako n'kuzemba ndi kanjira ka m'bango kuseri kwa madimba. Ndikafika pagombe ndinkadzifunditsa chinsalu chobiriwira kuti mbalame zisandione, lenzi yokha itasuzumira kunja. Ndinachita zimenezi maulendo atatu.

Kukongola kwake, Achemwali, cholembera sichingakwanitse. Dzuwa likangotuluka, khoma lonse limachita ngati layaka moto. Mbalame zimatuluka m'mauna, kuwulukira pamwamba pa madzi, kubwera ndi njuchi kapena tombolombo pakamwa, kumenyetsa panthambi kawiri katatu, ndiye kulowa ku una wake osasochera pakati pa mabowo onse aja. Phokoso lake ngati tsiku la msika. Zina zimakangana pakhomo ngati anthu olimbirana malire a munda. Ndinkaiwala njala, ndinkaiwala kumene ndili.

Koma inali nthawi yoipa. Munamva kumeneko za mphekesera ya anamapopa, yoti kukuyenda anthu achilendo opopa anzawo magazi. Inayambira kumapiri n'kutsikira kuno kuchigwa, ndipo mlendo aliyense ankayang'anidwa kawiri. Flossy anandichonderera.

"Abambo a Pempho, mbalamezo zibweranso chaka chamawa. Tayambani mwasiya."

Ine ndinaseka. "Wobadwira konkuno ine, Chisena ndi Chimang'anja zili pakamwa, andiyese namapopa ndani?"

Sindinaganize za mmene ndinkaonekera kwa amayi opita kukachapa: chinthu chofunda nsalu, chobisala m'bango m'mamawa, chitatulutsa chimpope chakuda. Sindinadziwenso kuti sabata imeneyo mwana wina wa m'mudzimo anagonekedwa kuchipatala atapezeka ndi magazi ochepa.

Ulendo wachinayi unali pa 9 Okotobala. Dzuwa litakwera pang'ono, ndikudikira mbalame ina imene inali ndi chiwala pakamwa, afulagombe onse anabuka nthawi imodzi. Ndinayesa kwabwera kabawi. Ndikuti ndivundukule nsalu, nkhafi inandigwera padzanja, ndipo ndinamva fupa likuthyoka.

"Ndi ameneyu! Tam'gwira namapopa!"

Zimene zinatsatira sindikuzikumbukira mwadongosolo. Foni inagwera m'madzi. Anandikhwekhwereza mpaka pamjigo, pakati pa mudzi, ena akumenya, ena akukuwa. Ndinkalankhula Chisena, koma panalibe khutu lomva. Anakhuthula chikwama changa pansi. Munatuluka miyendo itatu yoimikira kamera, mabatire, ndi kampira kofinya kamene ndimauzira nako fumbi pa lenzi. Bambo wina anakafinya, kakuti fuu, anthu n'kubwerera m'mbuyo.

"Chopopera chake ndi chimenechi!"

Kenako linagubuduka botolo la Flossy, lodzaza, lofiira.

Ndiye mayi wina anakuwa atagwira kumutu, ndipo ndinaona anthu akutola zidutswa za njerwa. Wina anathamanga kukatsopa petulo m'njinga yamoto.

"Ndine wojambula zithunzi!" ndinafuula. "Ndimakhala pa Ngabu, mwana wa malemu Sebastiano!"

Mwini nkhafi uja, msodzi wamtali amene pambuyo pake ndinadziwa kuti dzina lake ndi Edmund, anandiponda pachifuwa. "Ngati ndiwe munthu, tchula mmodzi yekha amene akukudziwa m'mudzi muno."

Achemwali, dzina ndinali nalo. Ndinatsegula pakamwa koma silinatuluke. Mayi amene ndinawakhomera loko, ndiwaitane lero kuti adzandiwombole? Ndipo akanafika n'kunena kuti sakundidziwa, ndani akanawadzudzula? Ndinatsinzina n'kuyamba kupemphera chamumtima, ndikuona nkhope za ana anga.

Pamenepo ndinamva mawu akuti, "Lekani! Patukani ndione!"

Nditatsegula maso, ndinaona a Evelesi akukankha anthu ndi mpini wa khasu, matope a kudimba ali mpaka m'mawondo, akupuma mwawefuwefu chifukwa chothamanga. Akalamba, Achemwali. Tsitsi lonse layera, thupi lachepa. Anagwada n'kundipukuta magazi kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Lorenso," anatero, osati mofunsa.

Kenako anatembenuka n'kukhala pansi patsogolo panga, msana wawo utanditchinga. "Woponya njerwa ayambe ine. Uyu ndi mwana wanga."

"Mayi, musatinamize," anatero Edmund. "Tonse tikudziwa kuti inu mulibe mwana."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa nkhafi, chifukwa anali mawu athu aja, Achemwali, atatuluka pakamwa pa munthu wina.

"M'mimba sindinam'bereke, ndi zoona," anayankha a Evelesi. "Koma kumsana kuno ndinam'bereka. Chikuku chitam'gwira, anam'pititsa kuchipatala ndi msana uno. Ali ndi chipsera cha phala pantchafu yakumanzere. Wokayika am'vule aone."

"Nanga magaziwa?" anafuula wina, atakweza botolo m'mwamba.

"Bwera nalo kuno."

Anatsegula chitsekerero. Sananunkhize n'komwe. Anapendeketsa mutu n'kuyamba kumwa, anthu onse maso ali pakhosi pawo, madzi ofiira akutsikira kuchibwano. Atafika pakati pa botolo anatsitsa, n'kukwinya nkhope.

"Chidede," anatero. "Chopandanso shuga. Iwe, mkazi wakoyo amakukonda?"

Mayi wina anaseka mosafuna. Botolo linayamba kuyenda m'manja, uyu kununkhiza, uyu kulawa. A Evelesi anatola kamera pafumbi, lenzi itasweka, n'kundiika pamiyendo.

"Aonetse zimene umapopazo."

Ndinayatsa ndi dzanja lamanzere. Mulungu ndi wabwino, galasi lakumbuyo linayaka. Anthu anaunjikana. Afulagombe, afulagombe, vuwo, nantchengwa, afulagombe. Kenako chinabwera chithunzi cha kakowa ataima pamphuno pa bwato la chigamba cha lata. Edmund anawerama.

"Mwadiya wangatu uwu," anatero chapansipansi.

Anayang'ana chithunzicho, anayang'ana dzanja langa likulendewera, nkhafi ija n'kuigwetsa pansi. Wa petulo uja pofika anapeza anthu akutsutsana za dzina la mbalame.

Anandinyamula pangolo kupita kuchipatala, ndipo woyendetsa ng'ombe anali Edmund yemweyo. Ndinene zoona zonse tsopano: kuwonjezera pa dzanja, nthiti ziwiri zinathyoka, ndipo kumutu anandisoka. Ndine ndinaletsa Flossy kukuuzani. Nthawi ija munaimba pa foni yake, iye n'kukuuzani kuti ndapita ku ukwati ku Bangula, ndinali gone pabedi pambali pake. Musamukwiyire. Masiku anayi amene ndinakhala m'chipatala a Evelesi sanachoke. Ankasinthana ndi Flossy kundimwetsa phala, ndipo pofika tsiku lachiwiri awiriwo anali akundijeda ine ndili pomwepo.

Tsiku lachitatu masana, Flossy atapita kukachapa, ndinawafunsa. "Munadziwa bwanji kuti m'botolo muja simunali magazi?"

"Nkhabe, sindinadziwe," anatero. "Za m'botolo sindinkazidziwa. Ndinkadziwa mwini botolo."

Kenako anati, "Wolakwa ndine. Ndinakuona maulendo atatu onse aja."

"Munandiona?"

"Ukuzemba kuseri kwa dimba langa. Umayenda ngati bambo ako, phewa limodzi lili pansi. Ulendo woyamba ndinati mwina akuchita manyazi, pobwerera agogoda, ndiye ndinaphika mpunga wa anthu awiri. Wachiwiri ndinapha nkhuku. Wachitatu sindinaphike kanthu. Anthu atayamba kunong'onezana za munthu wa m'bango, ndinafuna kunena kuti ndi mwana wanga, koma ndinati, mwini wake sakufuna kudziwika kuti ndi wanga, ndimuchititsirenji manyazi? Ndikanalankhula, dzanja lakoli likanakhala labwinobwino."

Achemwali, ndinalira ngati kamwana, odwala anzanga akundiyang'ana, nthiti zikubaya. Ndinapepesa za loko, za sutukesi, za zaka zisanu ndi zitatu. Musaganize kuti anangoti palibe kanthu. Anati, "Zinandipweteka, Lorenso, sindikunamiza. Zaka ziwiri zoyamba sindinkafuna kumva dzina lako ngakhale la mlongo wako. Koma munthu sungalime dimba mkwiyo uli pamutu. Ndinautula."

Ndinawapempha kuti abwerere kunyumba ya bambo. Anakana. Anati ali ndi dimba lawo, mbuzi zawo ndi anthu awo, ndipo sakufuna kuyambanso moyo paukalamba. Anapempha chinthu chimodzi chokha: kukaona manda a amuna awo, poti chiliza chimene tinamanga chija sanachione. Apa ndiye pali kuulula kwanga kwina. Sindinadikire chilolezo chanu kapena cha abale a bambo. Lachitatu lapitali ndinawatenga. Anazula udzu wonse ndi manja, ndipo anakhala pamenepo ola lathunthu akulankhula ndi bambo m'Chisena motsitsa mawu, ine nditaima patali. Ngati pali wokwiya, akwiyire ine.

Kugombe kuja ndinabwererako Lolemba lapitali, chikhakha chidakali padzanja. Ulendo uno ndinalowera pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu, ndikupereka moni khomo ndi khomo. Ena ankathawitsa maso, ena anabwera kudzandigwira chanza. Edmund ananditenga pabwato lake, n'kupalasa mwakachetechete mpaka pansi penipeni pa khoma, pafupi moti lenzi yaifupi inakwanira. Ana a afulagombe ayamba kusuzumira pakhomo pa mauna, makolo akuwanyengerera ndi chakudya kuti atuluke. Pobwerera, tili pakati pa madzi, anasiya kupalasa.

"Achimwene, mwana anali m'chipatala uja ndi wanga. Anali malungo. Wachira."

"Takhuta kwa Mulungu," ndinathokoza m'Chisena.

Anagwedeza mutu, akuyang'ana chikhakha changa, ndipo ndinaona kuti akufuna kunena zina koma zikumukanika. Ndinamuuza kuti apalase, ng'ona zingatiyese ndiwo. Mlandu wathu unathera pomwepo.

Lenzi yaitali ija inafa, ndipo ndikupepesa poti inali mphatso yanu. Sindikupempha ina. Mu envulopu muno ndaikamo zithunzi ziwiri. China ndi cha afulagombe, kuti ana anu aone zimene zili kwawo kwa mayi awo. Chinacho ndi cha a Evelesi atakhala pakhonde pawo. Anandivuta kuposa mbalame iliyonse. Anati ndidikire kaye avale mpango wa kutchalitchi.

Flossy akupereka moni wambiri, ndipo akuti nsapato zija zinamukwana. Pempho ndi Priska akuti moni kwa azakhali awo. Priska akuimba kwaya tsopano, m'nyumba simugoneka. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, muwauze kuti amalume awo ali bwino.

A Evelesi sanandipatse moni woti ndikupatsireni. Anati sakudziwa ngati mungaulandire, ndipo moni wobwezedwa umawawa. Anangondifunsa ngati ku Joni kumazizira kwambiri, ndi ngati chifuwa chanu chimabanikabe mwezi wa Juni. Akuti muli wamng'ono ankakukhazikani pamiyendo pawo, akukusisitani pamsana mpaka mpweya utabwerera. Achemwali, ine mlongo wanu sindinkadziwa n'komwe kuti munali ndi mphumu. Ndinawauza kuti ndikufunsani. A Leonard abwerera kuno pa 10 Disembala. Mukawalembera, ngakhale itakhala mizere iwiri yokha, ndikawawerengera ndekha.

Ndine mlongo wanu, wamoyo,
Lorenso.